Ngolo Yaulere

Kalata inafika Lachiwiri, ya mizere inayi. Inati nyumba ya aphunzitsi ikufunika pofika Loweruka masana, chifukwa kukubwera mphunzitsi wina. Dzina la Edmund silinalembedwemo. Anangoti "amene ankakhalamo", ngati kuti Elsie, mkazi wake, amene ankawerenga kalatayo ataima m'nyumba momwemo, nayenso anali atachoka kale.

Panali patatha miyezi isanu ndi inayi chitengedwere Edmund. Kunabwera amuna atatu pa galimoto yobiriwira, nthawi ya masamu, n'kumuuza kuti akangoyankha mafunso pang'ono. Chifukwa chake palibe amene ankachidziwa, koma aliyense anali nacho chake. Ena ankati chithunzi cha mtsogoleri wa dziko m'kalasi mwake chinapendekeka sabata yathunthu iye osachiwongola. Ena ankati ndi makalata ochokera kwawo ku Rumphi. Elsie anakafunsa kawiri. Ulendo woyamba anamuyankha kuti dzinalo sakulidziwa. Ulendo wachiwiri anamufunsa dzina lake iyeyo n'kulilemba, ndipo sanapitekonso.

Katundu sanali wambiri: bedi, tebulo, mipando inayi, kabati, makina osokera, ndi sutikesi yachitsulo ya Edmund. Kwawo kwa Elsie kunali ku Maganga, maola atatu wapansi. Ndalama zonse anali nazo zinali makwacha asanu ndi awiri.

Anayamba kwa a Anderson, mwini lole yonyamula nsomba, amene kale ankasewera bawo ndi Edmund Lamlungu lililonse.

"Makwacha makumi awiri," anatero a Anderson, maso ali pa tayala.

"Bambo Anderson, a hedimasitala munawasamutsira ku Chinguluwe ndi makwacha asanu."

"A hedimasitala anali ndi chithunzi choongoka." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Mayi, mafuta ndi kwacha imodzi. Zinazo ndi za mantha. Amuna anu akawafunsa kumene aliko kuti anzanu ndani, iwo n'kutchula za bawo, kenaka n'kumveka kuti lole yanga ndiyo inanyamula bedi lawo, ana anga adzadya chiyani?"

Elsie anachokapo mtima uli m'malo. Mtengowo sakanaukwanitsa, koma anaukonda. Munthu salipiritsa makwacha makumi awiri poopa pakamwa pa wakufa.

Mawa lake anapita kwa Che Twaibu, mkulu wangolo amene ankakhala kuseri kwa mzikiti. Anawapeza akupaka girizi pa gudumu.

"Loweruka ndikangoswali ndifika," anatero.

"Ndi zingati?"

"Palibe kanthu, mayi."

 Che Twaibu ankadziwika dera lonse kuti ngakhale nkhuku imalipira matambala kuti ikwere ngolo yawo. Munthu mmodzi yekha ndiye sankamulipiritsa: mayi wamasiye wobwerera kwawo. Linali lamulo limene bambo awo anawasiyira pamodzi ndi ng'ombe, ndipo ankati ndi sadaka, ntchito yachifundo ya pabanja pawo. Mkazi akaoneka pa ngoloyo atakwera ulere, anthu sankafunsanso. Ankangopita kukapepesa.

Loweruka m'mawa ngolo inaima pakhomo. Zitseko za aphunzitsi anzawo zinali zotseka, makatani okha ndiwo ankagwedezeka. Awiriwo anatulutsa katundu okha. Atachotsa tebulo, pakhoma panaoneka banga la mafuta a kumutu, pamene Edmund ankatsamira akamachonga makope. Elsie analiyang'ana kanthawi. M'nyumba yopanda kanthuyo mawu aliwonse ankabwerera, ndipo Che Twaibu atatsokomola panja, iye anatembenukira kuchipinda ngati watsokomola ndi Edmund.

Atatha kumanga zingwe, Elsie anamasula nsonga ya chitenje.

"Makwacha anayi, Che Twaibu."

"Ayi, mayi."

"Asanu."

"Wallahi, zaka makumi atatu ndili pa ngolo, sindinaonepo munthu wokweza yekha mtengo. Kumsika mumateronso? Ogulitsa usipa ayenera kuti amakukondani."

"Asanu ndi awiri. Zonse."

"Mukadya chiyani ku Maganga, zingwe?"

"Mwamva chiyani?" anafunsa Elsie. "Ngati mwamva kanthu, nenani pano."

"Sindinamve kanthu."

"Nanga bwanji mukundiveka zakuda?"

Che Twaibu anavula kofia, n'kuivalanso. Anayang'ana makatani aja, n'kubwera pafupi.

"Nyumba ino ndi yachinayi imene ndasamutsa motere. Yoyamba inali ya kalaliki wa kumsika wa thonje. Mkazi wake ndinamulipiritsa makwacha atatu, ndipo tinakangana za matambala makumi asanu mpaka analira. Patatha sabata bokosi linafika lokhomeratu, ndi anthu amfuti olondera kuti wina asalitsegule. Woyendetsa galimoto imene inabweretsa bokosilo anandinong'oneza tsiku limene kalalikiyo anamwalira. Pamene ndinkakangana ndi mayi uja, mwamuna wake n'kuti atazizira kale. Ndinafuna kubweza, koma abale ake anali atamutengera ku Nsanje. Ndalamayo ilipo mpaka lero, ndinaikulunga m'kansanza. Kuidya sindingathe, kuitaya sindingathe. Bambo anga ndimawalota akuiwerenga."

"Nanga nyumba ziwiri zinazo?"

"Sizinalandire kanthu. Ngakhale bokosi."

"Ndiye simukudziwa."

"Sindikudziwa, mayi. N'chifukwa chake."

Ng'ombe imodzi inagwedeza mutu kuthamangitsa ntchentche. Dzuwa linali litakwera, ndipo masana makiyi ankafunika.

"Chabwino," anatero Che Twaibu. "Tichite chonchi. Inu ndikukuonani ndi maso, mukupuma, mukundilalatira. Bedi, kabati, makina, zonsezi tinene kuti ndi zanu. Makwacha awiri. Koma sutikesi iyo ndi ya aphunzitsi. Imeneyo ikwera ulere, kapena mundipeze wina wangolo."

Elsie anawerenga makwacha awiri n'kuwaika m'manja mwawo. Kenaka anazungulira kumbuyo kwa ngolo, n'kuyamba kumasula chingwe cha sutikesi.

"Mayi, muli mabuku mmenemo. Mukathyoka khosi."

"Nditwikeni."

"Maola atatu, dzuwa ili?"

"Che Twaibu, nditwikeni."

Anapinda nsalu n'kuika pamutu. Mkuluyo anang'ung'udza mawu a pemphero, n'kumutwika. Chitsulo chinali chitatentha kale.

Analowa mumsewu wamchenga, ngolo patsogolo, Elsie pambuyo. Pamwamba pa ngolo panali malo oti munthu n'kukhala bwinobwino, ndipo Che Twaibu ankacheuka kawirikawiri. Ankayendetsa ng'ombe pang'onopang'ono kuti mayiyo asatsalire.

Kuyenda kumeneko ndiko kunasokoneza anthu. Atapitirira minda ya chinangwa, anakumana ndi bambo wina pa njinga, dengu la nsomba kumbuyo. Ataona ngolo ya Che Twaibu ikuyenda mwakachetechete, bedi pamwamba, mkazi yekha pambuyo, anatsika njinga, n'kuvula chipewa, n'kuima pambali pa msewu.

"Kwerani njinga yanu, bambo," anatero Elsie. Sakanatha kutembenuza mutu, choncho analankhula akuyang'ana kutsogolo. "Tikungosamuka. Ndalipira."

Bamboyo anayang'ana Che Twaibu. Che Twaibu anayang'ana ng'ombe.

"Ndati kwerani!"

Sanakwere. Anaima pomwepo, chipewa pachifuwa, mpaka anamupitirira.

M'sutikesimo nsapato za Edmund zinali zitasuntha pamene anaziika. Elsie akaponya phazi, zinkagunda chitsulo, ina kenaka inzake, ngati munthu akuyenda naye limodzi osafulumira. Khosi linkayaka moto. Patsogolo panali mtengo wa mango wa mthunzi wabwino, ndipo Che Twaibu anayamba kukokera ng'ombe kumeneko.

"Musaime," anatero Elsie.