Bokosi Linatsogolera Uthenga

Kalipentala anali akupala thabwa la chitseko pamene mlamu wake analowa mu shedi, foni ili m'manja, mano onse ali pamtunda.

"Alamu, lero tagunda! Malaiki mazana atatu m'mawa uno wokha!"

Mlamuyu anali mlongo wa mkazi wake, bambo wa ana atatu amene ntchito ya mu ofesi inamuthera chaka chatha. Ndiye anatsegula tsamba la malonda a shediyo pa intaneti, namaikapo zithunzi za mipando, makabati ndi mabedi, pansi pake nambala ya foni ya kalipentala. Zinkathandiza ndithu. Anthu amene sakanadziwa kuti kuseri kwa galaja kuli shedi ankabwera chithunzi chili m'manja, amvekere, ndikufuna ngati ichi. Kalipentala ankayamika Mulungu chifukwa cha zimenezi. Lamulo anaikapo limodzi lokha: mabokosi a maliro asajambulidwe.

"Mwaikapo chiyani lero?"

Mlamu anamuyandikizira foni. Linali bokosi lomwe kalipentala anakhoma dzulo, vanishi ali waliwali, zogwirira zikunyezimira. Pansi pake panalembedwa kuti: Ulemu wotsiriza pa mtengo wozizira, tiimbireni lero. Pa chivundikiro pankaoneka kachitsulo kolembedwa dzina lonse la malemu, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. Ngakhale wa maso ofooka akanawerenga.

Malemuyo anali mkulu wa kwaya ku mpingo wawo, mnzake wa kalipentala amene anaimba naye besi pa benchi imodzi zaka makumi awiri. Anasiya mwana mmodzi yekha, wamkazi, wokwatiwa kutali, woyembekezera, mwezi wake uli womwewu, ndipo achipatala anali atamuchenjeza kale za kuthamanga kwa magazi. Abale anapangana kuti asamve pa foni. Azakhali ake awiri anakwera basi m'mamawa kuti akamukhazike pansi, amugwire manja, kenako amuuze. Basi inali kukafika masana. Apa n'kuti ili teni koloko.

"Fufutani."

"Alamu, imeneyi ndi imene ikuyenda kuposa..."

"Ndati fufutani! Ndinakuuzani chiyani za mabokosi?"

"Munati tisamajambule maliro. Ili ndi bokosi chabe, munalibe munthu m'menemo."

"Dzinalo si munthu? Dzinalo alibe mwana?"

Anaponya chopalira matabwa pa benchi, chitini cha misomali n'kugubuduka, misomali mbwee mu utuchi. Iye sanali munthu wokweza mawu. Ku mpingo ndiye ankaitanidwa kukayanjanitsa mabanja. Koma apa mawu ankatuluka okha.

"Mnzanga sanazizire n'komwe, inu mwamuimika pa msika ngati mbuzi! Mtengo wozizira! Ngakhale ogulitsa nkhunda m'kachisi aja sankagulitsa maliro a anzawo. Ine ndakhoma bokosi limenelo misozi ikugwera pa thabwa, inu muli kumbuyo kwanga kusaka pomwe dzuwa likuwala bwino?"

"Ine ndimafuna kuthandiza bizinesi. Anthu aone kuti ntchito timaitha. Kodi mipando ija inkadzigulitsa yokha ndisanabwere ine?"

"Musandiwerengere mipando, alamu. Fufutani, ndikuona."

Chala cha mlamu chinayenda pa foni. Kenako chinaima. Kumwetulira kuja kunali kutathawa.

"Ndafufuta. Koma..."

"Koma chiyani?"

"Ena anachitenga kale chithunzicho. Chili m'gulu la pa foni la kwaya. Chili m'gulu la amene anaphunzira ndi mwanayo. Ndiye m'makomenti muja, ndisanafufute, wina anamutchula dzina. Analemba kuti pepa mnzanga, limba mtima."

Madzi akatayika saoleka. Kalipentala anayang'ana hamala yomwe inali pafupi ndi dzanja lake, naikankhira kutali, pakuti anadziwa kuti mdierekezi safuna khomo lalikulu kuti alowe. Anafuna kupemphera. Chomwe chinatuluka n'chakuti, Ambuye, mwanayo akhale ali mtulo. Foni yake ikhale yatha moto. Basi ifulumire.

"Mazana atatu," anatero. "Anthu mazana atatu aona bokosi la munthu n'kudina kuti akondwera nalo. Ndipo inu mwalowa muno mukuvina."

"Sindimadziwa kuti mwanayo sanauzidwe."

"Munafunsa? Pakamwa muli napo, mumangodyera? Mkazi wanga, mlongo wanu, wagona kusiwa kuja, akanakuuzani. Koma inu kufunsa ayi, chala patsogolo!"

Foni ya kalipentala inalira m'thumba la ovolosi. Nambala yachilendo.

"Mwina ndi kasitomala," mlamu ananong'ona.

Kalipentala anamuyang'ana kamodzi kokha, mlamu n'kubwerera m'mbuyo mpaka kugunda mulu wa matabwa.

"Halo?"

"Ndi a kalipentala?" Mawu a mkazi, opyapyala, opuma mothamanga. Anawazindikira. Anali mwana wa malemu uja, amene anamunyamulapo pa phewa ali kakhanda. "Nambala yanu ndaiona pa chithunzi. Kunyumba aliyense sakundiyankha. Amalume akudula. Chonde, bambo, inu simunama. Bokosi lija ndi la ndani?"

Bodza linali pafupi, lofewa, lokonzeka: mayina amafanana, mwanangu, dikira ndifufuze. Likanagula maola awiri. Koma mwanayo anali atawerenga kale tsiku lobadwa la bambo ake, ndipo akanakhala maola awiriwo yekha ndi chithunzicho, aliyense akumuthawa.

"Mwanangu, uli ndi ndani pamenepo?"

"Ndili ndekha. Bambo a kuno ali kuntchito."

"Tuluka, ugogode kwa aneba. Usadule foni. Ndikufuna ndimve mawu a munthu wina pambali pako."

"Musandizungulire, bambo."

"Sindikukuzungulira. Ndikuuza zonse, ndalonjeza pamaso pa Mulungu. Koma uyambe wagogoda."

Anamva chitseko, masilipasi akukhwekhwereza pa simenti, kugogoda. Anatseka foni ndi chikhatho natembenukira kwa mlamu wake.

"Imbirani mwamuna wake athamangire kunyumba. Imbirani azakhali m'basimo. Nambala kafunseni kusiwa, ndipo mukawauze nokha chimene mwachita. Thamangani!"

Mlamu anatuluka akuthamanga.

Pa foni panamveka mayi wachikulire akufunsa kuti kwagwanji. Kalipentala anamupempha kuti amukhazike mwanayo pa mpando ndi kumugwira, ndipo anadikira mpaka mayiyo atati wamugwira. Kenako iye mwini anagwada mu utuchi, pakati pa misomali.

"Ndi bambo ako, mwanangu. Anatisiya dzulo m'mawa. Ndinali pomwepo, ndinawagwira dzanja."

Kulira kunabwera ngati nsalu ikung'ambika. Iye sanachotse foni pa khutu. Patapita nthawi, pakati pa kusisima, mwanayo anafunsa ngati bambo ake anavutika, ndipo kalipentala anayamba kumufotokozera, pang'onopang'ono, kuyambira pamene anadwalira.