Mphete ya Amayi Yaonda

"Mwandibera inu! Mphete yangayi mwaipala!"

Amayi anaiponya patebulo pa mkamwini wawo, pakati pa matupa ndi makiyi osasula. Mkamwiniyo, amene msewu wonse unkangomutchula kuti Makiyi, anazimitsa makina odulira makiyi n'kuyang'ana pansi.

Mzime, mkazi wake, anaima pakhomo pa kashopuko. Ndi iye amene anawanyengerera amayi ake kuti mphete ya ukwati, yomwe inayamba kuvuka pachala chimwalirireni bambo, aipereke kwa mwamuna wake aichepetse. Tsopano amayi anali atalumbira kuti wakuba sagonanso m'nyumba mwawo.

"Amayi, palibe waba," anatero Mzime. "Mphete imatha yokha."

"Kutha yokha? Yasanduka sopo?"

Mzime anakumbukira buku lopanda chikuto limene ankawerenga podikira makasitomala. Anayamba mwaukali, mawu akupunthwa. Anati anthu akalekale, makina oonera tinthu ting'onoting'ono kulibe, anaganiza kuti chilichonse chinapangidwa ndi timibulu tosaoneka ndi maso, tosadulikanso, totchedwa maatomu. Pakati pa timibuluto pali mpata chabe.

"Ndiye mphete yanga ndi yobowokabowoka? Waibowola ndani?"

"Ayi, amayi! Taonani sitepe yapakhomoyi. Yalowa pakati. Anaisema ndani? Mapazi athu amachotsa timibulu tsiku ndi tsiku. Malaya akauma pachingwe, madzi mumawaona akuchoka? Mphetenso ndi chimodzimodzi. Zaka zonsezi mukuchapa, mukukanda ufa wa buledi..."

Amayi anakhala pampando. Anayang'ana chala chawo.

"Ukuti golide wa bambo ako anathera m'buledi?"

"Pang'onopang'ono."

"Ndiye munadya ndinu. Ana asanu, mphete imodzi. N'chifukwa chake mlongo wako amayenda ngati bwana." Anapukusa mutu. "Nanga poti timibuluto sitidulika, tili kuti lero? Tikanatha ndikanamva. Koma iwe ukuti tilipo."

Mzime anayesa kukumbukira zimene buku lija linanena. Bukulo linathera pomwepo. Masamba otsatira anang'ambika kalekale. Tilipo, inde. M'ngalande? M'magazi mwake? Patebulo ponse panali fumbi lachikasu la makiyi, lonyezimira ngati golide, ndipo kwa nthawi yoyamba analephera kunena kuti fumbi ndi liti, chuma n'chiti.

Anatola mpheteyo kuti awaonetse amayi mmene yasalalira mkati. Chala chake chinakodwa pa kamzere kowotcherera.

Anaima. Chaka chonse ankamuona mwamuna wake akugwira ntchito. Mphete sachepetsa poifinya ngati chitini. Amaidula, kuchotsapo kachidutswa, n'kulumikiza.

Kachidutswa si atomu. Kamaoneka. Kamagwirika ndi zala.

"Basi mwanawe, mwina ndakalamba," amayi anali kunena, akudzuka n'kuyang'ana mkamwini wawo. "Pepani bambo, ndakunamizirani. Zinthu zake n'zosaoneka."

Makiyi anamwetulira, dzanja likupita kale pa batani la makina.

Mzime analigwira dzanjalo. Anali atawagonjetsa amayi ake ndi nzeru za anthu akufa, mayi wamasiye mpaka kupepesa, ndipo sankadziwanso ngati wateteza mwamuna wosalakwa kapena wamugwirira thumba wakuba.

"Amayi, takhalani kaye." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Timibulu tapita, chabwino. Koma kachidutswa kamene munadulapo kali kuti? Musayang'ane makina, yang'anani ine. Yankhani, amayi akumva!"