Chingerezi cha M'manja

Fanizo Ngozo adabwerako ku Halale m'chaka cha 1951 atasenza kabokosi kachitsulo kamodzi kokha, ndipo anthu a ku Kasinje sadachedwe kumuseka. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kuchilendo! Anzake a ku Joni ankabwera ndi njinga, mabulangete, wina mpaka galamafoni. Iye potsekula bokosi mudatuluka epuloni yoyera ya ukhukhi ndi mipeni iwiri, basi. Amayi kuchitsime adaseka mpaka kugwetsa nkhata.

Mkazi wake Zelesi adangopukusa mutu n'kumuyalira mphasa. Koma mwana wawo Dailes, amene Fanizo adamusiya ali kumsana, ndiye adali nkhani ina. Popereka madzi ankagwada bwinobwino, ulemu wonse ulipo, koma pakamwa pake sipadatulukepo mawu akuti "ababa". Ankangoti "aNgozo", ngati akulonjera munthu wodutsa. Zimenezi zinkamupweteka Fanizo kuposa kuseka konse kwa m'mudzi. Mawu amodzi okhawo ndiwo ankawafuna, ndipo mawu otere sapempha.

Dailes adali atamaliza sitandade sikisi ndipo mtima wake udali pa unamwino. Chipatala cha mishoni kumtunda chinkatenga atsikana atatu okha pachaka, ndipo dona wa chipatalacho ankawayesa yekha m'Chingerezi. Aphunzitsi adamulembera Dailes pepala la mawu oti aloweze. Masana alionse, akusankha thonje pansi pa mango, ankaliyala pamwendo n'kumaimba ngati katekisimu.

"Put on, kuvala. Put out, kuzimitsa. Put back, kubwezera. Put away, put away... aaa, iwe!"

Fanizo, amene ankaluka nkhokwe chapafupi, adapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu lake adaika nsungwi pansi.

"Nanga dona akati put on the kettle, uivala ketuloyo?"

Mtsikana sadadzutse mutu. "Kodi inu aNgozo mudalekezera sitandade chani?"

Ha! Ana a sukulu, pakamwa ngati lumo. Mawuwo adamulasa ndithu, koma khukhi amene wakalipiridwa ndi madona atatu salira ndi zimenezo.

"Sitandade ya mapoto," adayankha. "Ukaipa dziwa nyimbo, mwanawe. Ine nyimbo yanga ndi imeneyi. Put uyu ndi mkamwini, alibe kwake. Amapita komwe kamnzake kapambuyoko kamutuma. Ukamuloweza papepala akuthawa. Amagwidwa ndi manja."

Zelesi, amene ankapeta mapira pakhonde, adaponyapo ake: "Tamvera, iwe. Kodi pepalalo lakuthandiza chiyani chiyambire?"

M'mawa mwake Fanizo adavala epuloni ija, ndipo a pamudzi adatulukira kudzaonera zamisala. Adasanja njerwa zinayi nati ndi sitovu. Chitsa adati ndi tebulo, dengu adati ndi kabati. Kenaka adakweza mphuno, nalankhula ndi kamawu kakang'ono ka dona wake wa ku Halale, mwakuti ngakhale Dailes adaluma mlomo kuti asaseke.

"Put the cups away!"

"Kusunga makapu," adatero Dailes.

"Ndani wakufunsa? Mzungu akalankhula safuna mawu ake abwererenso kwa iye atavala Chinyanja. Nyamula makapuwo, uike m'kabati. Koma dikira! Wasamba m'manja?"

"Ndasamba m'mawa."

"Wagwira mpango wakumutu pompano, ndakuona. Samba."

Apa ndiye padali nkhondo. Lamulo la Fanizo lidali lakuti chilichonse chopita pakamwa kapena pathupi pa munthu sachigwira wosasamba, ngakhale nyumba ikupsa. Sopo padalibe, ankasambira phulusa, mpaka m'zikhadabo. Tsiku lina Dailes adasamba kakhumi, nataya beseni uko.

"Ine ndikufuna Chingerezi, osati kusamba ngati bakha!"

"Ndi chinthu chimodzi," adatero Fanizo, natola beseni, nakatunganso madzi yekha.

Masabata awiri adatha chotero. Put down, put back, put out, ndipo pepala lija mbuzi idadya, popanda woidandaula. Manja a mtsikanayo adayamba kuthamanga mawu asadathe. Koma dzuwa likapendeka ankagwada n'kunena kuti, "Zikomo aNgozo," ndipo Fanizo ankapinda epuloni yake mtima uli zii.

Tsiku la mayeso adalawirira, nakwera mtunda Dailes patsogolo, Fanizo pambuyo. Atayandikira chipatala, mtsikanayo adaona anzake, ana a aphunzitsi ndi a makalaliki, ali ndi atate awo ovala majekete. Adayang'ana mapazi a Fanizo ong'aluka ndi fumbi.

"Inu mungodikira kuseri kuno."

Fanizo adapatuka. Adakakhala pa mwala kuseri kwa chipinda choyeseramo, pansi pa windo, pomwe ankamva zonse koma osaona kanthu.

Atsikana adalipo khumi ndi mmodzi, ndipo ankalowa mmodzimmodzi. Mawu a dona adali owuma, achangu, amtundu womwe Fanizo ankaudziwa bwino. "Put the bandages away." Mtsikana woyamba adayankha mokweza, monyadira: "Put away, madam, kusunga!" Kenaka zii, kudikira kuyamikiridwa. Wachiwiri chimodzimodzi. Wina adamveka akuthamanga n'kutsekula kabati msangamsanga. Dona ankangoti, "Next."

Dailes adalowa wachisanu ndi chitatu. Fanizo adamuzindikira ndi kayendedwe.

"Put the bandages away."

Chete. Palibe yankho, palibe kabati kutsekuka. Mayo ine, waiwala, adaganiza Fanizo. Mwana waima ngati chitsa, ndipo mlandu ukhala wa khukhi amene adamutayitsa pepala. Akatuluka muno sadzandiyang'ananso.

Ndiye adamva madzi. Madzi akuthiridwa m'beseni, kenaka manja akutikitana, osafulumira, mpaka m'zikhadabo. Fanizo adagwira pakamwa. Madzi atasiya, kabati idalira kwee, nitsekeka. Dona adaponya mawu ena, put back, put out, put down, ndipo chomveka chidali mapazi okhaokha, uku ndi uku. Pomaliza dona adafunsa, mawu atafewa, kuti adamuphunzitsa ndani kusamba asadagwire mabandeji. Yankho Fanizo sadalimve, poti ngolo ya ng'ombe idadutsa pamsewu ikuchita phokoso. Ngolo yachabechabe!

Adakhala pamwalapo mpaka dzuwa lidafika pamutu. Atate a majekete aja adayamba kutuluka ndi ana awo, ena akulira. Kenaka adamva mapazi akuzungulira nyumba.

"Ababa, akukuitanani."

Fanizo adacheuka kumbuyo kuti aone bambo amene akuitanidwayo. Kudali mpanda ndi nkhuku imodzi.

"Ndikunena inu, ababa," adatero Dailes, maso ali pansi. "Anditenga. Akuti akufuna aone aphunzitsi anga."

Munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, misozi idangoti mbwe, osaibisa n'komwe. Adaimirira, nakung'untha fumbi pa kabudula, nayang'ana zikhato zake.

"Tayamba wandipezera madzi, mwana wanga," adatero. "Sindingalowe m'menemo chonchi."

Dailes adathamanga kukatenga beseni.