Timizere ta pa Botolo la Mayi Salala

Mtsikana wa pa tilu anadutsitsa botolo la mafuta odzola pa makina owerenga mitengo kachitatu, koma makinawo anangoti zii. Analipukuta ndi malaya ake, analipendeketsa, analiyandikitsa. Osalira. Mzere wa ogula unali utafika kumafiriji, ndipo bambo amene ankagula mafutawo anangoti, "Asiyeni, nditumbuluka choncho," n'kutuluka.

Mayi Salala anaona zonsezi ataima pafupi ndi manijala wa sitoloyo, yemwe anawaitanitsa m'mawa womwewo. Mafutawo ankapanga okha kuseri kwa nyumba yawo, ndipo dzina la pa botolo, Salala, linali litameza dzina lawo lenileni. Anachonderera zaka ziwiri kuti apatsidwe shelefu ya pakati, imene wogula amaiona popanda kuwerama.

"Mwadzionera nokha, mayi," anatero manijala. "Lero ndi tsiku lachitatu. Timizere takuda ta pa lebulo yanu yatsopanoyi, bakodi imeneyi, sikuwerengeka. Atsikanawa akuchita kutayipa manambala khumi ndi atatu pa botolo lililonse. Tengani katundu yense. Ikakwana folo koloko musanakonze, shelefuyo ndipatsa wina."

Anakweza makatoni m'galimoto ya hayala mtima ukuwira, n'kulunjika kukashopu ka mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, amene ankawasindikizira malebulo. Anthu ankamutcha Injiniya, ngakhale kuti fani ya m'shopu mwakemo inafa chaka chatha ndipo inali ikumudikirabe.

"Timizere tanga watitani?" anafunsa Mayi Salala, akumenyetsa botolo patebulo.

"Alamu, moni kaye."

"Moniyo ukapereke kusitolo, mwina makina alira. Yankha."

Injiniya anatsegula pulogalamu yokonzera malebulo pa kompyuta, n'kuloza kabokosi ka nambala. "Apa ndi pomwe timasinthira kukula kwa mizere. Panali 13, ine ndinatsitsa kufika pa 6 kuti bakodi ichepe. Koma ndinayesa ndi foni, inawerenga bwinobwino."

"Unayesa pati?"

"Pa sikirini pompa."

"Ndiye anthu azidzola sikirini yakoyo? Pa botolo unayesa?"

Injiniya anaimirira. Anatenga botolo lija n'kupita nalo pawindo. Pakuwala zonse zinaonekera poyera. Pulinta yake yakale sinkatha kulemba mizere yoonda chotero, moti inki inali itatseka timipata toyera, mizere n'kumatana ngati mano a chipeso chodzaza litsiro.

"Mabotolo folo handiredi," anatero Mayi Salala. "Unaifinyiranji? Inakulakwira chiyani?"

"Munanena nokha, alamu. Munati dzina lanu likule, munthu aziliwerenga akadali pakhomo la sitolo. Lebulo ndi yomweyo, sinakule. Malo ndikanawatenga kuti?"

"Pakamwa unalibe? Sukanandiuza kuti sizitheka?"

Injiniya anayang'ana pansi. "Ndinayamba kukuuzani. Munati ndisakuphunzitseni bizinesi, ndine wa dzulodzulo."

Mayi Salala anakumbukira tsikulo, ngakhale mpando umene anakhalapo. Mkwiyo sunatsike ayi, unachita kukwera, chifukwa tsopano panalibe woti amukhuthulire. Anangokankha botolo lija ndi chala mpaka linagwa.

"Bweza pa 13."

"Dzina lichepa ndi theka, alamu."

"Ndati bweza. Ndipo usandisonyezenso sikirini."

Lebulo yoyamba itatuluka, anaimata okha pa botolo n'kukapempha wogulitsa mankhwala wa khomo loyandikana kuti aiyese pa makina ake. Makina analira nthawi yomweyo. Kenaka panatsala ntchito yomatula malebulo akale. Ananyika mabotolo m'beseni la madzi otentha, iwo ndi Injiniya, akupala guluu ndi zikhadabo. Guluuyo anali wabwino, poti Mayi Salala ndiwo anaumirira kuti agule wokwera mtengo. Zala zinatupa, nthawi ikuthamanga.

Anafika kusitolo faifi itadutsa. Manijala anatenga botolo limodzi, analidutsitsa, makina analira. Anayesanso ena awiri, analira.

"Tsopano zili bwino," anatero. "Koma mwachedwa, mayi."

Pa shelefu ya pakati panali patandandalikidwa kale mabotolo obiriwira a kampani ina, mpaka kumapeto.

"Ola limodzi lokha, achimwene? Zaka zonsezi sindinakubweretserenipo katundu woipa."

"Ndinanena folo. Kwatsala pansi penipeni apo, pafupi ndi polishi wa nsapato. Ngati simukufuna, alipo ena akudikira."

Mawu anadzaza m'kamwa mwa Mayi Salala, mawu oti akanawatulutsa sakanapondanso m'sitolomo. Anawameza onse. Anang'amba katoni imodzi, anaiyala pansi, n'kugwadapo. Anayamba kundandalika mabotolo awo limodzilimodzi, miyendo ya ogula ikuwadutsa kumsana.