Mchere Sunakolere

A Magalasi anadula magalasi moyo wawo wonse, a mawindo, a makabati, a mafelemu a zithunzi za maukwati amene ena anatha chithunzi chisanafwifwe n'komwe, koma thanki ya nsomba anaipanga atakalamba. Nsombazo analibe nazo chidwi. Thankiyo anapangira akazi awo.

Mayiwo anali atayamba kuiwala. Poyamba zinali zoseketsa: makiyi m'firiji, ketulo pamoto mulibe madzi. Kenaka anayamba kutuluka. Bambo akangopita kushopu, mayi ankavala nsapato, n'kutseka chitseko bwinobwino, ulendo wa kuntchito. Ntchitoyo inali ya kukhitchini ya sukulu yogonera konko, kumene anaphikira ana zaka zambirimbiri. Sukuluyo inagwetsedwa kalekale, pamalopo pakutsukidwa magalimoto. Anthu ankawapeza ataima m'matope a sopo, akufunsa anyamata otsuka kuti miphika aiika kuti.

Mwana wawo wachisamba anali namwino, ndipo anamwino sadziwa kuzungulira nkhani.

"Bambo, tsiku lina amayi adzagundidwa ndi galimoto. Muziwatsekera m'nyumba mukamachoka, apo ayi ndiwatenge."

"Mayi ako si mbuzi yoti ndiitsekere m'khola."

"Chabwino. Koma akadzasoweranso kamodzi kokha, ndidzabwera ndi galimoto, ndipo musadzandiyang'ane ngati wakuba."

Kwa mwanayo kunali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, kanyumba kodzaza ndi ana. Malo a mayi akanapezeka mofinyana, a bambo ayi. A Magalasi anaimva bwino nkhaniyo. Akazi awo akangosowanso, ukwati wawo utsala wa pafoni, ndipo munthu woiwala sazindikira mawu a pafoni.

Nzeru inawapeza kuchipatala, m'chipinda chodikirira dokotala. Pakhoma panali thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere, yowala buluu, miyala yake itamera zinthu zonga maluwa. Mayi amene sankatha kukhala pampando kufikira tiyi atazizira anakhala pamenepo m'mawa wonse, maso ali pagalasi, osafunsa ngakhale kamodzi kuti tikupita liti. A Magalasi anayeza thankiyo ndi maso, monga amachitira akaona galasi lililonse, n'kunena mumtima kuti zimenezi n'zochepa.

Kudula ndi kumata kunalidi kochepa. Anasankha galasi lochindikala, analipala m'mbali kuti lisacheke munthu, n'kulimata ndi silikoni mosamala kuposa mmene anamatira china chilichonse cha kasitomala. Zovuta anakazimva kwa Kandevu, wogulitsa nsomba zoweta, amene kashopu kake kanali kuseri kwa ogulitsa mapaipi.

"Bambo, bwanji osayamba ndi za madzi wamba? Zimenezo n'zopirira, ngakhale muziiwale sizifa."

"Mayi anakonda zamchere."

Kandevu anakanda ndevu zakezo, n'kuyamba ulaliki. Mchere wake ndi wapadera, wa m'ndowa, osati wa kukhitchini. Zonga maluwazo ndi makorali, ndipo ndi zamoyo, zimakwiya msanga kuposa apongozi. Choyamba muike mchenga ndi miyala yokha, pampu izizungulitsa madzi mpaka akhwime, nsomba pambuyo. Anawapatsa kachipangizo koyezera mchere, ka pulasitiki, kokhala ndi kamuvi koyandama, n'kuwaonetsa mzere umene kamuviko kayenera kuloza. Pomaliza anati madzi akamaphwa m'thankimo mchere suchoka, ndiye powonjezera aziwonjezera madzi okhaokha.

Masabata odikira aja anali owawa. Thanki inaima pabalaza pakati pa kabati ndi windo, pampu ikung'ung'udza, m'kati muli miyala basi. Miyalayo inachita ndere zofiirira ngati dzimbiri. Aneba ankasuzumira pakhomo n'kumafunsa ngati miyala ya a Magalasi yayamba kuswana. Mayi sankaiyang'ana n'komwe. Bambo ankapita nawo kushopu, koma shopu ya magalasi si malo a munthu wogwiragwira, ndipo tsiku lina anadzicheka chala pa zidutswa za m'bokosi. Kangapo a Magalasi anapita kwa Kandevu kukapempha nsomba ngakhale imodzi, Kandevu n'kumangoyeza kabotolo ka madzi kamene abweretsa, n'kupukusa mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma wonena mwambiwo analibe mkazi amene akutha tsiku ndi tsiku.

Madzi atakhwima, munalowa tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje ta mizere yoyera, ndi makorali angapo, ena obiriwira ngati kapinga, ena ofiirira onga timanja totseka ndi kutsegula. Mayi anakokera mpando pafupi, n'kukhala. M'mawa mwake a Magalasi anapita kushopu mtima uli m'mwamba, anadula galasi la munthu molakwika, n'kuthamangira kunyumba masana asanakwane. Anawapeza alipo, nsapato zili pakhomo pomwe anazisiya. Tsiku lotsatira analiponso, ndi linzakelo.

Munthu wamkulu uja analira m'bafa, atatsegula mpopi kuti zisamveke. Anaimbira mwana wawo n'kumuuza monyadira kuti mankhwala amene achipatala anawasowa iwo awapeza ndi galasi ndi silikoni. Namwino anangoti tiona.

Sipanapite nthawi, kamuvi kaja kanayamba kukwera. A Magalasi anachotsako madzi n'kuthiramo opanda mchere, kanatsika. Pofika madzulo a tsiku linalo kanali katakweranso. Anaganiza kuti kachipangizoko n'kabodza, anakatenga kena, nako kananena zomwezo. Timanja tija tinafumbata osatsegulanso. Kapinga uja anayamba kuyera kuchokera m'mphepete, kutsala chigoba chokhachokha, mbee ngati choko. Kandevu anafunsa mafunso onse amene ankawadziwa, ngati akuwonjezera madzi amchere, ngati ndowa ya mchere imakhala yotseka, n'kuthera poti zimenezi sanazionepo. M'mawa wina kansomba kamodzi kanapezeka katakanirira pa pampu. Bambo anakachotsa mwakachetechete mayi asanadzuke, n'kukakulunga m'pepala.

Mantha awo sanali pa nsomba. Ankaona thanki ikufa, n'kumaona galimoto ya namwino itaima pageti.

Chinsinsi chinaululika chifukwa cha tepi yoyezera imene anaiiwala patebulo. Atabwerera kudzaitenga, dzuwa lisanakwere kwenikweni, anamva kuimba asanatsegule chitseko. Mayi anali ataima pa kampando kafupi kutsogolo kwa thanki, atavala epuloni yawo yakale imene bambo ankayesa kuti inatayika. Dzanja lina linali ndi chipande, lina botolo la mchere wa kukhitchini. Anatunga madzi, analawa, anakhwinyata, n'kuthira mchere wodzaza dzanja, n'kutakasa pang'onopang'ono kuti asagunde miyala. Msana unali utawongoka. Nkhope inali ya mkazi amene a Magalasi anamuona koyamba pa windo la khitchini ya sukulu, tsiku limene anapita kukaikako galasi.

"Mwabwera msanga, bambo," anatero mayi osatembenuka. "Mudikire pang'ono, sunakolere. Ana angandinene."

"Ana ake ati, mayi?"

"A sukulu. Belu likangolira muwaona."

Anawapatsa chipande kuti alawe nawo. A Magalasi analawa. Madziwo anali owawa mchere moti misozi inalengeza, koma lilime la mayi linali litafa kalekale, chilichonse kwa iwo chinali cha zii.

"Mwaona? Madzi okhaokha," anatero mayi, n'kuthiranso.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanakhala pansi n'kuganiza. Chimene chinkawasunga mayi pakhomo sichinali kukongola kwa nsomba. Anali atapeza mphika waukulu, ndipo munthu amene mphika wake uli pamoto sachoka. A Magalasi anaziona ndi maso awo, koma mutu wawo unali utadzaza ndi kamuvi ndi mzere wake. Anawerengera motere: thanki ikafa, mayi atuluka, chikupha thanki ndi mchere, ndiye mchere uchoke. Anali atalumbira kuti sadzatsekera mkazi wawo, ndipo sanamutsekeredi. Anatsekera mphika.

Vuto lililonse a Magalasi ankalithetsa ndi galasi, ndiye madzulo omwewo anadula chivindikiro. Chinali chokongola, chokhala ndi mahinjesi, timabowo topitira mpweya, ndi kaloko kakang'ono pakona. Botolo la mchere, paketi ya m'kabati ndi ndowa ya kwa Kandevu, zonse anazinyamulira kushopu. Chakudya cha madzulo anadya chopanda mchere, mayi osazindikira kanthu. Bambo anagona mtima uli m'malo, akuti agwira njoka kumutu.

Masana a tsiku lotsatira anapeza chitseko chotsekedwa bwinobwino, nsapato palibe. M'khitchini makabati onse anali pululu, mabotolo atatsitsidwa pansi n'kutsegulidwa limodzilimodzi. Chipande chinali pamwamba pa chivindikiro, ndipo pafupi ndi kaloko galasi linali ndi zikande.

Anathamangira kotsukira magalimoto, anyamata anati lero sanafike. Anazungulira magolosale a m'dera lonse. Wogulitsa wina anati anabweradi mayi wa epuloni kudzafunsa mchere, anamupatsa paketi, mayiyo n'kutuluka kulowera kolakwika. A Magalasi anayenda misewu imene sanaipondepo chibadwire, akufunsa ogulitsa m'mbali mwa msewu, mawu atasasa. Foni inalira dzuwa litapendeka. Anali namwino.

"Ali kuchipatala. Njinga yamoto yawagunda pamphambano ya kumafakitale, mwendo wathyoka koma ali moyo. Achipatala andiimbira ine chifukwa ndinasokera nambala yanga m'juzi yawo. Ndinyamuka m'mawa, bambo."

Atakumana kuchipatala, bambo ndi mwana sanakangane. A Magalasi anali atakonza mawu ambiri, koma ataona mwendo uli mu pulasitala anawameza onse. Tsiku lotuluka m'chipatala galimoto inadzera kunyumba kudzatenga zovala. Mayi anakhala kumpando wakumbuyo, mwendo utatambasulidwa, paketi ya mchere ija ili pamiyendo, yong'ambika pakona. Anamwino anzake a mwana wawo anali atalephera kuwalanda. Bambo anaweramira pawindo la galimoto.

"Mayi, ndidzabwera kudzakuonani."

Mayi anawayang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, monga ayang'anira munthu wa muofesi.

"Inu ndinu a kusitolo, eti? Amene munatseka mphika?"

"Ndine bambo a mwanayu, mayi. Amuna anu."

"Ana sanadye tsiku lija," anatero mayi. "Munalakwa." Anawapatsira paketi ija pawindo. "Mukapereke kukhitchini. Muwauze kuti asadikire ine."

Namwino analiza galimoto, maso ali kutsogolo, misozi ikutsikira pachibwano osaipukuta.

Chopweteka n'chakuti thanki inachira. Kamuvi kanakhazikika pamzere wake osasunthanso. Timanja tija tinatsegula, kapinga anayamba kubwerera pa chigoba choyera chija, ndipo miyala inamera timawanga tofiirira timene Kandevu anati ndi chizindikiro cha madzi abwino. Kandevuyo anabwera kudzaona, anajambula ndi foni, n'kunena kuti bambo muli ndi dzanja, anthu ambiri chaka choyamba amangokwirira nsomba. Anafuna kuwapatsa kansomba kena kuti kotsalako kasasungulumwe. A Magalasi anakana.

Ankaimba foni Lamlungu lililonse. Namwino ankaika foni pakhutu la mayi, bambo n'kumamva kupuma kokha, nthawi zina funso loti akulankhula ndani. Kenaka mwanayo anapempha kuti aziimba mwa apo ndi apo, chifukwa mawu achilendo amawasokoneza mayi ndipo akatero sadya.

A Magalasi anapitiriza kusamala thanki, pakuti m'nyumbamo munalibenso china chowafuna. Ankapukuta galasi, kutsuka pampu, kuwonjezera madzi okhaokha monga anauzidwira. Ankadana nayo thankiyo, ndipo ikamakongola chidanicho chinkakula. Madzulo ena, atabwera kushopu, anatenga sikuludiraiva n'kumasula mahinjesi, chivindikiro n'kukachiimika kuseri kwa kabati. Anatsuka chipande chija, anatenga paketi yong'ambika pakona, n'kuziika pa kampando kafupi kutsogolo kwa thanki, poonekera, pamene munthu wolowa pakhomo sangavutike kufunafuna.