Sikelo ya Apongozi

Kopaletivu ya alimi a mpunga ku Lupembe itagula seva, kompyuta yaikulu yosunga marekodi, ntchito yoilumikiza ndi sikelo inagwera Tusekile, mayi amene anaphunzira za makompyuta. Koma woyeza matumba mushedimo anali a Lawi, apongozi ake, ndipo kwa Ankhonde mkazi saonana maso ndi bambo a mwamuna wake. Chikwatiwireni, Tusekile ankangowadziwira kutsokomola ndi belu la njinga. Akamva belulo ankakhotera m'nthochi.

A komiti anayamba kunong'ona kuti aitane wina wa ku boma, uyu ntchito imukanika. Tusekile zinamuwawa. Sukulu yonse ija, alephere chifukwa cha khomo la shedi?

Kabokosi kolandira nthambo ya sikelo n'kumatumiza manambala pa netiweki anakapachika mushedimo ndi Hilda, kalaliki wa kopaletivuyo. Tusekile anatsala mu ofesi, tsidya la bwalo. Anaika pa seva madiraiva, mapulogalamu oyendetsa kabokosiko, anaizimitsa n'kuiyatsanso, kenako anapatsa sikelo poti yake, khomo lolowera manambala. Pa sikirini panatuluka zilembo zonga mapazi a nkhuku.

"Liwiro la sikelo ndi la seva silikugwirizana," anatero Tusekile. "Hilda, ukawapemphe bambo adine batani lobiriwira, awerenge nambala yomwe ituluke."

Hilda anapita, anabwera, anapitanso, chifukwa madalawo anayamba adina lofiira.

"Ine mwandisandutsa nthambo, mwe," anadandaula akupukuta thukuta. "Akuti 9600. Akutinso sikelo ndi nkhalamba inzawo, musaikalipire."

Tusekile analemba nambalayo. Zilembo zosokonekera zinachoka, panatsala ziro woyera bwino. Anatembenukira kwa Hilda.

"Aikepo thumba la makilogalamu 50, tiyese."

Pa sikirini panabwera 58.2. Nambala yabodza ndi yoipa kuposa kusowa nambala, ndipo a komiti anali atakhala kale pansi pa mango.

Hilda analowa akuseka, mpaka kugwira chitseko.

"Si thumba ayi. Akwerapo okha, avula ndi nsapato zomwe. Akuti poti mkamwana wawo sangawaone, awaonereko pamenepo."

Tusekile anaphimba nkhope ndi chitenje, mwa chizolowezi. Kenako anasuzumira. Nambala ija inali ikugwederagwedera, eni ake akuyesetsa kuima chilili. Chimwemwe chinamudzaza, anaseka mpaka misozi.

"Ukawauze kuti ndaga, ndawaona," anatero, kuthokoza m'Chinkhonde. "Koma aonda. Mawa ndiwatumizira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, ndipo mwezi wamawa akwerenso."