Bokosi la Chaka Chino

"Iwe Kautuchi, wabweranso kudzawerenga zala za anthu?" anaseka mayi wosoka nsalu za m'mabokosi a maliro, singano ili kukamwa.

Mtsikanayo sanaseke nawo. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo dzinalo analitola m'mashedi a akalipentala, momwe ankasesa utuchi kuti apeze chakudya. Mayi ake asanatsirizike anamuuza chinthu chimodzi chokha: bambo ake ndi kalipentala wopanda chala chachikulu chakumanzere. Miyezi isanu anayenda shedi ndi shedi, maso ali pa manja a anthu, mpaka mapazi anachita ming'alu.

"Dzulo munati kuno aliko wina amene sindinamuone," iye anatero.

Mayi uja analavula singano. "Aliko, koma mutu wake sukoka bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe, komatu si nkhono iliyonse yofunika kuiona maso."

Anamutsogolera kuseri, kuchipinda chopanda zenera. Kunja dzuwa linali paliwombo, koma mkatimo munali zii, fungo la vanishi lokhalokha. Maso atazolowera mdima, Kautuchi anaona mabokosi atandandalikidwa kukhoma ngati masitepe. Loyamba linali laling'ono, loti n'kulinyamula m'khwapa. Lotsatira linali lokulirapo pang'ono, linalo lokuliraponso. Anawawerenga. Analipo khumi ndi awiri.

"Amenewa kalipentalayo sagulitsa, olo umulirire," ananong'ona mayi uja. "Akuti mlamu wake sankamufuna pabanjapo. Iye ali kutali kuntchito, mlamuyo anamutumizira uthenga woti mkazi wafa pobereka, mwana yemwe, ndipo aika kale. Chimene chimamudya n'choti mwana wa kalipentala anapita opanda bokosi. Ndiye chaka chilichonse amakhoma limodzi. Ukamufunsa amati, 'Mwanatu akukula.'"

Kautuchi anagwidwa nthumanzi. Mlamu woteroyo ankamudziwa. Anali malume ake omwe aja, amene ankakonda kunena kuti bambo ake anathawa ngati galu wakuba.

Pakona panamveka kukhosomola. Munthu wamtali, wowonda, tsitsi lili mbuu ndi fumbi la matabwa, anadzuka pabenchi. Sanapereke moni. Anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, monga achitira anthu a ntchito imeneyi, kenako anasolola tepi yoyezera. Dzanja limene linakanikiza tepiyo pamutu pake linali lozizira, ndipo linali ndi zala zinayi.

"Wachedwa," anatero bamboyo modekha, ngati akulankhula ndi munthu amene amabwera tsiku lililonse. Anayang'ana tepi, n'kuyang'ana bokosi lomalizira. "Laperewera pang'ono. Usadandaule, ndilikonza lero lomwe, ugone bwino."

"Tiye tizipita," mayi uja anamukoka mkono. "Akuyesa ndiwe mzukwa."

Kautuchi ankachita mantha, mantha enieni, ndipo khomo linali pafupi. Koma kunja kwa khomolo kunalibenso wina woti akamufune. Anagwira dzanja la zala zinayi lija n'kuliika pakhosi pake, pomwe mtsempha unkagunda.

"Bambo, wakufa amatentha chonchi?"

Bamboyo anaumva mtsemphawo ukugunda. Tepi inagwa pansi.

"Ine ndatopa kugona pa utuchi," anatero mtsikanayo, misozi ili chuchuchu. "Phwasulani limeneli, mundikhomere bedi."

Bamboyo anayang'ana bokosi lomalizira lija. Kenako anatembenuka, natenga hamala, n'kuyamba kuzula msomali woyamba.